Kuchepetsa Dizilo pa Lole Yapakhomo, ndi Zoti Mudziwe Musanagule ya Hybrid

Ngati pakhomo panu pali lole yaing'ono, kaya Canter, Dyna kapena Hino, yomwe mumatutira chimanga, njerwa ndi mchenga, mukudziwa kale kumene phindu limathera. Ena zikawapweteka amathamangira kwa makanika kuti akaitsine pampu, ena amayamba kufunsa mitengo ya hybrid. Dikirani kaye. Yambani mwadziwa kuti loleyo ikumwa bwanji, chifukwa kasingano ka mafuta sikanena zonse.

Gulani kope laling'ono, muzilisunga m'galimotomo. Tsiku lomwe mwamwetsa, dzazani thanki, mulembe nambala ya makilomita yomwe ikuoneka pa mita. Gwirani ntchito zanu monga mwa masiku onse. Podzamwetsanso dzazaninso, mulembe malita omwe alowa ndi nambala yatsopano. Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 320 ndipo alowa malita 40: gawani 320 ndi 40, mupeza kuti lita imodzi ikukuyendetsani makilomita 8. Nthawi yosowa mafuta, pamene kudzaza thanki n'kosatheka, ingolembani lita iliyonse yomwe mwathira kwa mwezi wathunthu, muwerengere pakutha pa mwezi. Ngati loleyo amayendetsa ndi dalaivala wolembedwa ntchito, muuzeni bwinobwino cholinga cha kopelo, asaone ngati mukumuganizira zakuba.

Mukakhala ndi nambala imeneyo, pitani ku matayala. Tayala lochepa mpweya limakhuthala pansi, injini n'kumavutika kulikoka, ndiponso limatha msanga m'mbali. Pimani m'mawa musanayende, matayala akadali ozizira, kamodzi pa sabata. Ndi ntchito ya mphindi khumi, ndipo kachida kopimira mumagula kamodzi kokha. Mlingo woyenera walembedwa pakachipepala komata pafupi ndi chitseko cha dalaivala kapena m'buku la galimoto. Kumenya tayala ndi sipanala n'kumvera kulira kwake si kupima. Pa lole ya matayala awiriawiri kumbuyo, lam'kati ndilo limaiwalika. Limatha kuphweratu mwini wake osadziwa, popeza lakunja likulinyamulira katundu.

Kenako tsegulani bokosi la fyuluta ya mpweya. M'misewu yathu yafumbi imatsekeka msanga kuposa momwe buku limanenera, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa. Lole ikamatulutsa utsi wakuda pokwera mtunda, yang'anani kumeneko poyamba. Fyuluta yapepala musaichape ndi madzi, ndipo ikang'ambika ngakhale pang'ono sinthani. Fumbi likalowa m'injini, ndalama yokonzera imaposa kutali mtengo wa fyuluta. Gwiraninso malimu mukaima pambuyo pa ulendo. Limodzi likatentha kuposa anzake, buleki ikugwira yokha, ndipo mwakhala mukulipira dizilo wolimbana nayo.

Tsopano nkhani ya mphepo, yomwe ambiri saikhulupirira. Makampani akuluakulu amapanga malole achionetsero, osagulitsa, ongoyeserapo nzeru. Mu 2014 kampani ya Walmart ya ku America inaonetsa lole yamphuno yosongoka, mpando wa dalaivala uli pakati, ngolo yake yopangidwa ndi zinthu zopepuka kwambiri. Mu 2018 Shell inayendetsa yake yotchedwa Starship kuchokera ku San Diego mpaka ku Jacksonville, itaphimbidwa m'mbali monse kuti mphepo izingodutsa. Malole amenewa simudzawaona pa Zalewa, koma zimene ankalimbana nazo ndi zomwezo za lole yanu: mphepo, kulemera ndi matayala. Mphamvu ya mphepo yokankha galimoto imakwera mofulumira kuposa liwiro. Mukachoka pa liwiro la makilomita 80 pa ola n'kufika pa 100, mphepoyo imawonjezeka ndi kupitirira theka. Pa ulendo wa makilomita 100 mwapulumutsa mphindi 15 zokha, koma thanki yamva.

Choncho pakirani katundu motsika, wolemera pafupi ndi kutsogolo, asatukuke kupitirira denga la dalaivala ngati n'kotheka. Tenti mangani zolimba. Yomwe ikukupiza ndi kufufuma kumbuyo ikukokerani lole m'mbuyo ulendo wonse. Pobwerera wopanda katundu, ipindeni. Ndipo tsitsani zitsulo zakale, matayala otha ndi mchenga wotsalira zomwe zimangoyenda nanu.

Phazi ndilo lalikulu pa zonse. Nyamukani pang'onopang'ono, sinthani giya injini isanayambe kukuwa. Mukaona rodibuloko, msika kapena mahampu patsogolo, chotsani phazi msanga kuti loleyo ichepetse yokha liwiro. Mukaima kudikira opakira, zimitsani. Lole yaikulu yongolira itaima imatha malita pafupifupi atatu pa ola. Yanu yaing'ono imatha ochepera pamenepo, koma amapita pachabe. M'mawa mphindi imodzi kapena ziwiri zikukwana, kupatula ngati mukudikira kuti mpweya wa mabuleki udzaze. Ya turbo yomwe yangokwera phiri ndi katundu ipatseni kamphindi isanazimitsidwe.

Chimodzi chokha ndikuletseni ndithu: kuchotsa giya potsetsereka poti mupulumutse mafuta. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi giya ili momwemo, ndiye palibe chomwe mukupindula. Pa Chiweta kapena pa Khwekhwerere, lole yodzaza yopanda giya imatsamira pa mabuleki okha, ndipo akapsa sagwiranso.

Nanga hybrid? Imakhala ndi injini wamba, mota yamagetsi ndi batire lalikulu. Mukaponda buleki, motayo imasanduka jenereta, n'kusunga m'batire mphamvu yomwe ikanangotayika ngati kutentha. Ponyamuka imaibweza kuti ithandize injini. Toyota inayamba kugulitsa Prius ku Japan mu 1997, Hino inatulutsa lole ya Dutro Hybrid mu 2003, ndipo Mitsubishi Fuso inatsatira ndi Canter Eco Hybrid mu 2006. Malolewa anawapangira ogawa katundu m'mizinda, oima pakhomo lililonse. Phindu lake lagona pa kuimaima komweko. Ngati ntchito yanu ndi yozungulira m'Limbe kapena Area 25, ikhoza kukuthandizani. Ngati ndi ya Lilongwe mpaka Mzuzu osaima, batire limangokhala katundu woonjezera, ndipo kwa ine ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku matayala abwino. Musanalipire, funsani kaye ngati kwanuko kuli makanika wodziwa lole yotere ndi kopeza zipangizo zake, popeza si zambiri kuno.

Galimoto zing'onozing'ono za hybrid monga Aqua, yomwe inatuluka mu 2011, ndizo zafala, ndipo malamulo ake ndi osavuta. Pogula, pitani nayo kwa wokhala ndi kompyuta yoyezera, aone mphamvu ya batire lalikulu. Ola limodzi likukwana, pamene batire latsopano ndi ndalama yoti mungaimve chaka chonse. Batire la Aqua lili pansi pa mpando wakumbuyo, ndipo limapuma kudzera pa kazenera kakang'ono m'munsi mwa mpandowo. Musatsekepo ndi thumba la ufa kapena chitenje, ndipo muzichotsa fumbi miyezi ingapo iliyonse, chifukwa kutentha ndiko kumapha batire. Pa mzere wa mafuta ikani pa P, osati pa N, popeza pa N injini sitchaja batire. Petulo akatha musaumirire kuyenda ndi magetsi okha: injini imalizidwa ndi batire lomwelo, ndipo likaphweratu pamafunika chida chapadera. Musaisiye miyezi osailiza. Mnzanu akakupemphani kuti mulizire lole yake ndi mawaya, kanani mwaulemu. Batire laling'ono la hybrid silinapangidwire ntchito imeneyo.

Pa hybrid, mawaya a mtundu wa olenji ndi a magetsi amphamvu oti angaphe munthu. Inu musawakhudze, ndipo woika wailesi kapena wowotcherera asayandikireko asanawazimitse munthu wodziwa.