Khofi Wokazinga Pang'ono pa Mbaula ya ku Salima

Ambiri tinakula tikudziwa kuti khofi ndi wakuda bii, wowawa, ndipo salowa pakhosi popanda masipuni atatu a shuga. Amene tinazolowera wa m'chitini monga Ricoffy, yemwe amasakanizako muzu wa chicory, sitinkadziwa n'komwe kuti njere ya khofi ili ndi kukoma kwakekwake kumene moto ungathe kukusunga kapena kukupha.

Mu 2012 kampani ya Starbucks ya ku America, yodziwika ndi khofi wokazinga kwambiri, inatulutsa mtundu wina n'kuutcha Blonde Roast. Akadaulo a khofi, aja amayamba anunkhiza kapu asanamwe, anagawanika. Ena anati bola tsopano, njere ikumveka osati utsi wokhawokha. Ena anaseka, amvekere zimene makampani akuluakulu amati zokazinga pang'ono, kwa okazinga ang'onoang'ono n'zapakatikati chabe. Abale athu a ku Joni angakalawe okha, poti Starbucks inatsegula ku Rosebank mu 2016. Ine ndili mbali ya akadaulo osekawo. Kampani yaikulu imafuna kuti kapu ya ku Johannesburg ikome chimodzimodzi ndi ya ku London, ndipo chimene chimafananitsa njere za m'minda yosiyanasiyana ndi moto wambiri. Choncho dzina la papaketi musalikhulupirire kwambiri. Mukafuna khofi wokazinga pang'ono weniweni, kazingani nokha, ndipo zipangizo zake muli nazo kale kukhitchini.

Kuno kunyanja khofi wa arabica sachita bwino, kwatentha ndiponso n'kuchidikha. Amakonda mapiri: Misuku, Phoka, Viphya, Nkhata Bay yakumtunda, ndiponso Thyolo kumene kuli Satemwa. Koma sitili kutali naye, chifukwa alimi a ku Ntchisi nawonso ali m'bungwe la Mzuzu Coffee. Amakolola m'miyezi yozizira, ndiye ngati muli ndi wachibale kumeneko mutumeni njere zosakazinga, zouma bwino. Zikabwera ndi chikhungwa chake choyera chija, zikonoleni mopepuka mumtondo n'kupeta. Kenako khalani pansi ndi lichero musankhe: zakuda, zofumbwa ndi zankhungu tayani, chifukwa moto wochepa subisa chilema. Njere imodzi yowola imamveka m'kapu yonse.

Yatsani mbaula panja, popeza utsi wake ndi wambiri, koma pamalo pobisika. Mwera ukamawomba, moto umayaka mbali imodzi ndipo njere zina zimapserera zina zikadali zaziwisi. Dikirani makala agwire moto onse, malawi atatha. Phale kapena chiwaya chachitsulo chochindikala ndiye chabwino. Chisakhale chija mumakazingira chambo, ngakhale mutachitsuka ndi phulusa, chifukwa khofi amakoka fungo lililonse. Mafuta musathire.

Thirani kapu imodzi yokha ya njere, kuti zonse zizigunda pansi, ndipo mthiko usaime. Amene anakazingapo mtedza dzanja lake likudziwa kale ntchitoyi, kungoti khofi sakhululuka mukamusiya kuti mukayankhe foni. Poyamba njere zimakhala zobiriwira ndipo zimatulutsa fungo la udzu wonyowa. Kenako zimasanduka zachikasu, n'kuyamba kufiirira, timankhusu tikuuluka. Pakadutsa mphindi 8 kapena 10 mumva kuthetheka: the! the! apo ndi apo, kenako motsatizana. Apa njere zafika pa madigiri pafupifupi 196, ndipo nthunzi ya m'kati ikuziphulitsa.

Nkhani yonse yagona pamenepa. Mukaphula kuthetheka kusanayambe, khofi wanu adzamveka nyemba yaiwisi ndipo adzakuwawasani mano. Mukaphula kuthethekako kukungotha kumene, patapita mphindi imodzi kapena iwiri chiyambireni, ndiye wokazinga pang'ono amene akadaulo amamufuna: wofiirira, wouma kunja, wosanyezimira. Mukapitiriza, pamabwera kachete, kenako kuthetheka kwachiwiri, kwapansipansi ndi kofulumira, chapamadigiri 224. Mafuta amatuluka, njere n'kuda, ndipo khofi wa ku Misuku sasiyananso ndi wa kwina kulikonse. Ngati zathetheka mphindi 5 zisanakwane, moto wachuluka: kunja kwapsa, m'kati mukadali mwauwisi. Chotsani makala ena muyambirenso ndi njere zina.

Mukaphula musazisiye m'chiwaya, zimapitiriza kupsa. Khuthulirani m'lichero nthawi yomweyo n'kumapeta mpaka zizizire. Apa ndiye kamphepo ka kunyanja kamathandiza. Musadabwe kuona kuti zapepuka: kilogalamu imodzi imatsala pafupifupi magalamu 850, madzi atachoka.

Musafulumire kumwa tsiku lomwelo. Njere zongokazinga kumene zimakhala zikutulutsa mpweya, ndipo zimakoma bwino pakatha masiku atatu kapena sabata. Ikani m'botolo lagalasi louma, tsiku loyamba musatsekeretu, kenako mangani chivundikiro zolimba. Adani ake kuno ndi kutentha kwa mu Okutobala, chinyezi cha m'dzinja, ndi usipa. Botolo lisakhale m'kabati imodzi ndi nsomba zouma, sopo kapena parafini, ndipo mufiriji musaikemo: mukamatulutsa limachita thukuta, nanga magetsi athuwa amachedwa kuthima? Wokazinga pang'ono ali ndi mwayi wina kuno, chifukwa mafuta ake akadali m'kati ndipo amachedwa kuwonongeka, pamene wakuda wonyezimira uja amasasa msanga kukatentha. Ngakhale zili choncho, kazingani wongokwanira milungu iwiri kapena itatu.

Sinjani pokhapokha mukufuna kumwa. Njerezi ndi zolimba kuposa zakuda, ndiye mkono utopa ndithu. Kamtondo kake kakhale kapadera, kosasinjiramo tsabola kapena nsinjiro. Sefani, zotsalira musinjenso, mpaka zonse zikhale zamisere yofanana, osati ufa wosalala.

Madzi nawonso ali ndi mawu. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja imatulutsa madzi amchere, ndipo amenewo amaphimba kukoma konse. Alaweni kaye. Ngati ndi a pampopi ndipo akumveka mankhwala, asiyeni usiku wonse m'ndowa yovundikira ndi kansalu. Muyezo ndi magalamu 60 pa lita imodzi, kapena kuti masipuni akuluakulu awiri pa kapu. Khofi wokazinga pang'ono amafuna madzi otentha kwambiri, choncho akangowira phulani n'kuthira pasanathe theka la mphindi. Musamuwiritse pamoto monga tichitira tiyi wa Chombe. Takasani kamodzi, vundikirani mphindi 4, sefani ndi kansalu koyera.

Lawani musanathire kanthu. Mumva kuwawasa kopepuka kwa chipatso, ndipo kapu ikamazizira kutsekemera kumabwera kokha. Ena amaganiza kuti khofi wotuwa chonchi ndi wofooka, koma mphamvu yoletsa tulo ija siisiyana kwenikweni ndi ya wakuda, ndiye madzulo musamudelere. Mkaka wambiri umamumiza. Ngati pakhomo pali agogo amene khofi wawo ndi wamkaka ndi shuga basi, akazingireni wawo padera mpaka kuthetheka kwachiwiri kutangoyamba, ndipo palibe cholakwika.

Akawawasa mopitirira, sinjani mosalalako kapena onjezerani mphindi imodzi musanasefe. Zikapanda kusintha, vuto linali pa mbaula: ulendo wotsatira siyani njere pamoto theka la mphindi kuposa poyamba, ndipo sungani njere zingapo m'kapepala kuti muzidzafanizira mtundu wake.