Tsiku limene anakulemberani m'buku la kuchipatala

Ana anga a kuno kwa Simlemba, inu amene mwalowa m'banja dzulodzuloli ndi inu amene mukadali pakhomo pa makolo, ndikufuna ndikuuzeni za mng'ono wanga. Dzina lake sinditchula, omudziwa amudziwa.

Kumayambiriro kwa Malichi 2020 anapita kusikelo ndi mwana wake wachitsiriza. Tsikulo anamwino ankayeza amayi khansa ya khomo la chiberekero, ndipo naye analowa. Kuyezako si kwa tsiku lonse ayi. Amakugoneka, n'kulowetsa kachipangizo kotsegula njira, n'kupaka viniga pa khomo la chiberekero. Pakatha mphindi imodzi, pamene payamba kuonongeka pamayera. Poyerapo pakakhala paching'ono amawotcha pomwepo ndi kamakina, iwe n'kubwerera kwanu kukaphika nsima yamadzulo. Kwa mng'ono wanga panali papakulu. Anamwino anati zotere sangawotche pomwepo, akaonedwe ku chipatala chachikulu, ndipo anamulembera tsiku la mu Epulo m'buku lake.

Zimene zinachitika pakatipo ena mwa inu mukuzikumbukira. Pa 20 Malichi, Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha kolona. Pa 23 masukulu anatsekedwa. Pa 2 Epulo tinamva pa wailesi kuti matendawa alowa m'Malawi. Boma linafuna kuti tibindikire m'nyumba masiku 21, khoti linakana, koma mantha analibe khoti lowaletsa. Mwezi womwewo ogwira ntchito m'zipatala zina anayamba kunyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, ndipo ine sindiwadzudzula, nawonso ali ndi ana.

Mng'ono wanga sanali waulesi. Tsiku lake litakwana anakwera kabaza mpaka ku msewu wa tala, n'kukwera minibasi yomwe mtengo wake unali utakwera poti ankanyamula anthu ochepa. Atafika anamuuza kuti zimenezo ayamba aimitsa, adzabwere zinthu zikakhala bwino. Palibe anamulembera tsiku lina. Iyenso sanafunse. Anavundikira buku m'chikwama, n'kubwerera.

Apa m'pamene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa m'pamene tinamutayira. "Zinthu zikakhala bwino" si tsiku. Silili pa kalendala iliyonse, ndipo kuno kwathu kwa fodya silifika n'komwe. Epulo ndi wosankha fodya ndi kudinda mabelo. Kenako mukudikira ndalama ya ku msika wa fodya wa Chinkhoma, ikabwera yapita ku ngongole ya feteleza. Musanapume, nazale yayamba, kutunga madzi m'mawa ndi madzulo. Mvula ikagwa n'kuwokera, kenako kuthyola ndi kusoka mpaka usiku m'chigafa. Mayi amene sakumva kupweteka paliponse adzachoka liti pamenepo kuti akakhale pa benchi tsiku lathunthu?

Ndipo sankamva kupweteka. Anali wonenepa bwino, ankasenza mtolo wa nkhuni woposa wanga. Chikomekome cha mkuyu. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo kotchedwa HPV, kamene kamafala pogonana ndipo n'kofala kwambiri moti anthu ambiri amakatenga osadziwa. Mwa ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Mwa ena kamatsala, n'kumadya mwakachetechete zaka 15 kapena 20 kasanasanduke khansa. Kwa mayi amene chitetezo chake n'chotsika, monga amene ali ndi HIV, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Zaka zonsezo mayi amalima, amabereka, amavina ku chinkhoswe. Poyera paja pamene anamwino anaona n'chizindikiro choti ulendowo wapita kale patali, ndipo inu simudziwa kuti kwatsala zaka zingati.

Mlandu wina ndi wanga. Mu Januwale 2021 kolona atabweranso mwaukali, nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. M'mudzi munadzaza mphekesera zoti kuchipatala akubaya anthu jakisoni wakupha. Mng'ono wanga anandifunsa ngati apitenso. Ine mkulu wake, amene ndinamulera mayi athu atatisiya, ndinati, "Dikira kaye, si ukupeza bwino?" Mawu amenewo ndimagona nawo.

Mu 2022 anayamba kutaya magazi akakhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba, kenako chikazi chonunkha ndi msana wosaleka kuwawa. Anabisa miyezi ingapo chifukwa cha manyazi. Pamene tinkafika naye kwa madokotala anati yafalikira, opaleshoni sithandiza. Nthawi imeneyo m'Malawi munalibe makina owotchera khansa ndi cheza, ofuna chithandizo chotere ankayembekezera kutumizidwa kunja, ndipo mzere wake unali wautali kuposa moyo wake. Tinamuika mvula ya 2023 isanagwe. Si yekha: chaka chilichonse amayi oposa 4,000 m'dziko muno amapezeka ndi khansa imeneyi, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo.

Tsono ana anga, mliri udzabweranso. Kolona asanazizire tinalowa m'kolera wa 2022, ndipo zipatala zinatangwanikanso. Tsiku lina mudzafika pakhomo pa chipatala n'kubwezedwa. Musachoke chimanjamanja. Funsani mwaulemu koma osasuntha: ndibwere tsiku liti, ndilembereni m'bukumu. Ngati kuno simukuyeza, akuyeza kuti, ku mishoni kapena ku boma? Mukafika kumudzi kauzeni mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu kuti mwabwezedwa, iye amadziwa tsiku limene ayambiranso. Akakubwezani kachiwiri, pitani kachitatu. Kubwezedwa si kuchira.

Ndalama ya ulendo ipatuleni msanga, ku banki m'khonde kapena kwa munthu amene simungamunyengerere kuti akubwezereni pa mchere. Ndipo inu apongozi anga aamuna amene mukuwerenga nawo, fodya ameneyu mwasoka ndi akazi anu. Pa ndalama yake pakhale ya minibasi ya ulendo umenewu, osati mayi achite kugwada. Akawotchedwa, anamwino amanena masabata oti mupewe kugonana kuti chilonda chipole. Asungeni masabatawo, musamachite nkhope. Ndipo owotchedwawo amauzidwa kuti abwerenso pakatha chaka kuti akaone ngati panapoladi. Ulendo wachiwiriwo ndi umene ambiri amaunyozera.

Mukafika zaka 25 kayezetseni, ngakhale muli gwa. Amene mukumwa ma ARV funsani komwe mumalandirira mankhwalako, musadikire kuti akukumbutseni. Mu Januwale 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9, makamaka kudzera m'masukulu, ndiye masukulu atatsekedwa miyezi yambiri mu 2020 ena anaphonya. Funsani ang'ono anu ngati anabayitsa. Katemerayu satseka mimba, zimenezo ndi zonama ngati zija za jakisoni wakupha.

Buku la mng'ono wanga ndili nalo m'sutikesi, tsiku la mu Epulo lija likuonekabe bwinobwino. Madzulo ano tulutsani lanu, mutsegule tsamba lomaliza limene analembapo. Ngati pali tsiku limene linadutsa, pitani sabata ino, fodya adikire.