Kodi Kuvutika kwa Wodwala Kumayezedwa Bwanji?

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Maselema. Akuti: "Bambo a kunyumba anathyoka mwendo pangozi ya kabaza. Ku chipatala cha Gulupu anawafunsa ngati amasamba okha, ngati ali ndi nkhawa, kenako anawauza aloze pamzere wa 0 mpaka 100. Zikukhudzana bwanji ndi fupa?"

Adokotala: Pepani ndi matendawo, mayi. X-ray imaonetsa fupa, koma sinena ngati bambowo akutha kupita okha kuchimbudzi, kapena ngati tulo tikubwera akaganiza za lendi. Mafunsowo amatchedwa EQ-5D, ndipo a m'Chichewa anayesedwa pa odwala mafupa ku Gulupu komweko. Alipo asanu: kuyenda, kudzisamalira, ntchito za tsiku ndi tsiku, ululu ndi nkhawa. Pamzerepo, 100 ndi thanzi labwino koposa, 0 ndi loipitsitsa. Chikuyezedwacho ndi mmene moyo ukuyendera, ndipo wodziwa ndi mwini thupi. Chonde musawayankhire, iwonso asalimbe mtima. Ife timati "ndiliko bwino" pamene usiku wonse tachezera kubuula. Akabisa, pepala lidzati achira pamene akuyenda chogwira khoma.

Muulutsi: Wophunzira wa ku Ndirande akufunsa kuti DALY n'chiyani.

Adokotala: Achimwene, DALY imodzi ndi chaka chimodzi cha moyo wathanzi chimene chatayika. Tiyerekeze: munthu amene akanafika zaka 70 wamwalira ali ndi 30. Zatayika zaka 40. Wina sanamwalire, koma sitiroko yamugoneka zaka 10, ndipo tinene kuti yamulanda theka la thanzi lake. Apo zatayika 5. Tikaphatikiza zotere kwa anthu onse, tapeza kulemera kwa matendawo m'dziko.

Njirayi anaikonza ndi Christopher Murray ndi Alan Lopez, ndipo inatchuka ndi lipoti la World Bank la 1993. Ndimaikonda chifukwa tikamawerenga maliro okha, wakhunyu, wovutika maganizo ndi wodwala msana saoneka, popeza sakufa msanga. Mu 2017 Unduna wa Zaumoyo unaigwiritsa ntchito posankha chithandizo choyenera kukhala patsogolo m'zipatala za boma: pa ndalama yomweyi, n'chiti chingapulumutse zaka zambiri?

Koma ili ndi malire ake, ndipo izi zimandipweteka. Imawerenga wodwala yekha. Gadiyani amene wasiya geni yake ya mandasi n'kumagona pa chitenje pansi pa bedi, mwana amene wasiya sukulu chifukwa fizi yapita ku thiransipoti, onsewa mulibemo.

Muulutsi: Bambo a ku Bangwe akuti: "Mukuti Edzi tikuigonjetsa, nanga bwanji okhala ndi kachilombo adakali ambiri?"

Adokotala: Bambo, pali mawerengedwe awiri. Ena amawerenga onse amene ali nako lero, ena amawerenga amene akutenga kumene pachaka. Kafukufuku wa MPHIA wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 m'Malawi, pafupifupi 9 ali nako, ndipo mumzinda wa Blantyre ndi 14. Chiyambire ma ARV aulere mu 2004, anthu amene akanamwalira ali moyo, akugwira ntchito, choncho akuwerengedwabe. Kuti mudziwe ngati tikupambana, yang'anani otenga kumene: kafukufuku yemweyo anapeza pafupifupi 2 mwa akuluakulu 1,000 pachaka.