Zilembo za injini pa galimoto za 4x4: zoyenera ndi zosayenera

Dzinja likafika ku Chiradzulu, misewu ya fumbi yolowera m'midzi ya ku Namitambo ndi ku Nkalo imasanduka matope, ndipo zodutsamo zimakhala Hilux, Land Cruiser ndi zinzake. Galimotozi zimakhala ndi tizilembo tonyezimira kumbuyo kapena m'mbali. Ena amatichotsa, ena amamata tabodza pofuna kutchuka. Tizilemboti ndi timene timauza wothira mafuta, makaniko ndi wogula mtundu wa injini, choncho tizikhalapo ndipo tizinena zoona.

1. Powerenga zilembo

Choyenera: Dziwani tanthauzo lake. D-4D ya Toyota, TDCi ya Ford, Td5 ya Land Rover ndi DI-D ya Mitsubishi ndi injini za dizilo.

Chosayenera: Musasokoneze D-4 ndi D-4D. RAV4 zina zochokera ku Japan zimalembedwa D-4, koma zimamwa petulo. V8 nayo imangonena kuti masilinda alipo 8: Land Cruiser V8 ilipo ya dizilo, iliponso ya petulo.

2. Pa chitsekero cha thanki

Choyenera: Matanipo pepala lolimba kapena lembani ndi penti kuti DIZILO kapena PETULO, makamaka ngati galimoto ndi ya bungwe, yoyendetsedwa ndi madalaivala angapo.

Chosayenera: Musadalire kapepala ka Chijapani kamene kanabwera ndi galimoto. Ndani angakawerenge pa Mbulumbuzi?

3. Pothira mafuta

Choyenera: Tsikani, nenani nokha kuti "dizilo, achimwene", ndipo onani paipi imene wothira wagwira.

Chosayenera: Musakhale m'galimoto maso ali pa foni. Nthawi ya mizere ya mafuta wothira amakhala atatopa, ndipo mlomo wa paipi ya petulo ndi wowonda, umalowa bwinobwino m'thanki ya dizilo. Mafuta a m'zigubu apeweni, chifukwa chigubu chilibe chizindikiro.

4. Zikalakwika

Choyenera: Akathira petulo m'thanki ya dizilo, kankhirani galimoto pambali, itanani makaniko akhuthule thanki ndi kusintha sefa ya mafuta.

Chosayenera: Musalize injini, ngakhale kutembenuza kiyi. Dizilo amafewetsa pampu ndi mainjekita, petulo amaziumitsa mpaka zimadyana, ndipo mtengo wake ku Limbe ndi wobaya mtima.

5. Mukasintha injini

Choyenera: Chotsani zilembo zakale, ikani zogwirizana ndi injini yatsopano, kenako pitani ku Road Traffic ku Blantyre akakonze nambala ya injini m'blue book.

Chosayenera: Musasiye Td5 pa Land Rover imene mwaikamo injini ya Toyota. Wokagula zipangizo amabwera ndi zosalowa, ndalama yapita.

6. Pogula galimoto yogwirapo kale ntchito

Choyenera: Tsegulani boneti, fananizani nambala ya pa injini ndi ya m'blue book. Suzumiraninso pansi muone ngati mawilo onse, akutsogolo ndi akumbuyo, alidi ndi ekiselo yokoka.

Chosayenera: Musakopeke ndi 4x4 yolembedwa pa bodi. Chomata chotere aliyense atha kugula, koma sichingakuzuleni m'matope a ku Milepa. Zokoma sizili m'maso.

Eni galimoto, ngati zilembo za pa galimoto yanu zinagwa, bwezeretsanipo zoona. Ngati ndi zabodza, matulani lero musanapite kukathira mafuta.