Nyongolotsi Zingatipangire Manyowa Pakhomo

Ambirife m'tauni muno tili ndi kadimba kuseri kwa nyumba: mizere iwiri ya mpiru, repu kapena tomato. Chovuta ndi chakudya cha mbewuzo, poti feteleza wakwera mtengo. Komatu tsiku ndi tsiku timataya makoko a nthochi, a mbatata ndi zotsala posadzula ndiwo, zina nkukatseka ngalande. Nyongolotsi zingathe kusandutsa zinyalala zimenezi kukhala manyowa, ndipo malo ake ndi beseni limodzi basi.

Nyongolotsi zake ndi ziti?

Si zonse ayi. Zimene zimakumba pansi m'munda sizikhalitsa m'beseni. Zofunika ndi zofiirira, zokonda kukhala m'zinthu zowola. Mtundu wodziwika kwambiri akatswiri amautcha Eisenia fetida. Fufuzani mu mulu wa ndowe zakale zomwe zinasiya kutentha, kapena pemphani kwa amene akuweta kale. Zodzaza manja awiri nzokwanira poyambira.

Kukonza nyumba yake

Pezani beseni lakale kapena chigubu chodula, chakuya pafupifupi masentimita 30. Boolani timabowo pansi kuti madzi azituluka, ndi m'mbali kuti mpweya uzilowa. Yalani makatoni ong'ambang'amba, nyuzipepala ndi masamba ouma a mitengo, muwaze dothi pang'ono. Nyowetsani zonsezi ngati nsalu yofinya, chifukwa nyongolotsi imapumira pakhungu: pakauma imafa, madzi akachuluka imasowa mpweya. Ikani nyongolotsizo, nkuvindikira ndi chiguduli chonyowa.

Beseni likhale pamthunzi, posagwa mvula. Nyongolotsi zimagwira bwino ntchito pamadigiri 15 mpaka 25, choncho dzuwa la Okutobala lingazithe tsiku limodzi. Kuti nyerere ndi linthumbu zisalowe, ikani beseni pakatebulo, miyendo yake muiviike m'zitini zamadzi.

Chakudya chake

Zipatseni makoko a nthochi, mbatata, maungu ndi papaya, zotsala za ndiwo zamasamba zosaphika, masamba a tiyi, ndiponso zigoba za mazira zosinja. Duladulani kuti ziwole msanga, ndipo muzizikwirira pansi pa mapepala aja kuopa ntchentche.

Musaikemo nyama, nsomba, mafuta kapena ndiwo zamchere, chifukwa zimanunkha ndi kuitana makoswe. Makoko a malalanje ndi mandimu, anyezi ndi tsabola nazo zikachuluka zimazizunza.

Poyamba patsani pang'ono, ndipo musawonjezere chakale chisanathe. Beseni losamalidwa bwino limamveka fungo la dothi la mvula yoyamba. Likayamba kununkha, dziwani kuti chakudya kapena madzi zachuluka. Lekani kudyetsa kwa masiku angapo, onjezani makatoni ouma.

Kukolola

Pakatha miyezi 3 kapena 4 mudzaona zakuda, zofewa ngati masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito. Amenewo ndiye manyowa. Khuthulani pasaka poyera, muunjike timilu. Nyongolotsi zimathawa kuwala, motero zidzatsikira pansi. Inu muzichotsa pamwamba pang'onopang'ono mpaka zitatsala zokhazokha, nkuzibwezera m'beseni momwe mwayala zatsopano.

Thirani dzanja limodzi paphando pookera mbande, kapena mozungulira mbewu imene yamera kale. Manyowawa sawotcha mizu monga zimachitira zitosi zaziwisi za nkhuku, ndipo amathandiza nthaka kusunga chinyezi, zomwe zimachepetsa madzi othirira. Madzi odontha pansi pa beseni muwasungunule ndi madzi ena ambiri, muthire panthaka, osati pamasamba amene mudzadye.

Ntchito ya sabata ino

Ikani kachitini pafupi ndi mbaula, muzisungamo makoko onse kwa masiku 7. Mudzaona nokha kuchuluka kwa chakudya cha dimba chimene banja lanu limataya. Nyongolotsi zimaswana msanga, ndiye amene ayambe lero, pakapita miyezi ingapo adzakhala ndi zogawira anzake kumphakati.