Phunziro la ku Kalabu: Mawu Athu Akafike Bwanji ku Khonsolo?

Nthawi: ola limodzi
Zofunika: pepala lalikulu ndi cholembera

Cholinga cha phunziroli

Pomaliza, membala aliyense athe:

- kufotokoza njira imene vuto la m'mudzi limadzera mpaka kukafika ku khonsolo;
- kusiyanitsa ntchito ya mfumu, ya khansala ndi ya phungu;
- kukonza mfundo imodzi yokaitula ku komiti ya chitukuko.

Mawu oyamba

Achinyamata ambiri kuno kwa Kaomba timadziwa bwino mavuto a m'midzi yathu. Timadziwa mjigo umene unafa, mlatho umene umakokoloka dzinja lililonse ndiponso atsikana amene asiya sukulu. Koma kukaitanidwa msonkhano wa chitukuko, ambiri sitipitako. Ena timakhala tili ku nazale kapena ku chigafa tikusoka fodya, ena timangoti zimenezo n'za akuluakulu. Mapeto ake mfundo zimamangidwa ife kulibe. Paja akulu anati mwana wosalira amafera mu mbereko.

Kodi "mphamvu ku anthu" n'chiyani?

M'chaka cha 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono. Cholinga chake chinali chakuti ntchito monga za sukulu za pulayimale, zipatala zing'onozing'ono, madzi ndi misewu ya m'midzi zisamalamulidwe ku Lilongwe kokha, koma ziziyendetsedwa ndi makhonsolo, ndipo eni mudzi azinena okha zimene akufuna.

Makhansala oyamba pansi pa lamuloli anasankhidwa mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala zaka 9 popanda makhansala, kufikira chisankho cha 2014. Zisankho zina zinachitika mu 2019 ndi mu 2025. Choncho mudzi uliwonse uli mu wodi ina yake, ndipo wodi iliyonse ili ndi mpando wa khansala. Kodi inu khansala wanu mukumudziwa?

Makwerero anayi

1. Mudzi. Nkhani imayambira pabwalo la anyakwawa, pamene anthu amagwirizana vuto limene lakula kuposa ena.
2. VDC. Iyi ndi komiti ya chitukuko ya midzi imene ili pansi pa agulupu amodzi. Mamembala ake amasankhidwa ndi anthu, ndipo agulupu amakhala mlangizi wa komitiyo. VDC imalemba zofuna za anthu mu pulani ya chitukuko cha midziyo.
3. ADC. Iyi ndi komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu. Imalandira mapulani a ma VDC, n'kusankha zimene ziyenera kutsogola. Imathandizidwa ndi alangizi a boma ndi a mabungwe ogwira ntchito m'deralo, monga a zaumoyo, a zaulimi ndi a zamaphunziro.
4. Khonsolo. Zochokera ku ma ADC zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse. Makhansala ndiwo amavomereza pulaniyo ndi bajeti yake. Mafumu akuluakulu amakhala nawo pa zokambirana koma saponya voti. Bwanamkubwa ndi ogwira ntchito ake amakwaniritsa zimene zavomerezedwa.

Dziwaninso kuti ku Kasungu kuli makhonsolo awiri: ya boma lonse ndi ya tauni. Funsani kuti mudzi wanu uli mbali iti musanalembe kalata.

Ndani amagwira ntchito yanji?

Mfumu imasunga mwambo, imayanjanitsa anthu, imaona za malo ndiponso imamema anthu ku ntchito za chitukuko. Khansala amatenga zofuna za wodi kupita nazo ku khonsolo, n'kubwera ndi yankho. Phungu ntchito yake yaikulu ili ku Nyumba ya Malamulo: kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko ndi kulondoloza mmene boma likugwirira ntchito. Tikasokoneza maudindowa timagogoda pakhomo polakwika, kenaka n'kumati palibe wotimvera.

Zikutikhudza bwanji ife?

Tiyerekeze kuti pakati pa mudzi wanu ndi chipatala pali mtsinje wopanda mlatho. M'mwezi wa Febuluwale mtsinje wadzaza, ndipo mnzanu amene amamwa ma ARV walephera kuwoloka pa tsiku lake lokatenga mankhwala. Akadumphitsa mankhwala, kachilombo kamachulukananso m'thupi ndipo kangathe kuyamba kupima mphamvu mankhwalawo. Mankhwalawa anayamba kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004, koma ulerewo sumupindulira munthu amene walephera kufika ku chipatala. Apa mukuona kuti mlatho ndi nkhani ya moyo, ndipo khomo lake ndi VDC.

Chimodzimodzi nkhani ya maukwati a ana. Lamulo la ukwati la 2015, ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zinaika zaka 18 kukhala msinkhu wochepetsetsa wolowera m'banja. Koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha anyakwawa, makolo, komiti ya sukulu ndi achinyamata akagwirana manja. Nyengo yogulitsa fodya, ndalama zikayamba kuyenda kuchokera ku okushoni ya Chinkhoma, ndi nthawi yofunika kukhala tcheru, chifukwa ena amanyengerera ana asukulu ndi ndalama. Kalabu itha kupempha kuti nkhaniyi ikambidwe pabwalo msika usanatsegulidwe.

Kutula nkhani mwanzeru

- Sankhani vuto limodzi. Mukapita ndi khumi, palibe limene lidzakumbukiridwe.
- Sonkhanitsani umboni: mabanja angati akuvutika, kuyambira liti, mtunda wautali bwanji.
- Musatchule dzina la munthu aliyense amene ali ndi HIV. Lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limateteza chinsinsi cha munthu ndiponso limaletsa tsankho.
- Yambani mwakaonana ndi anyakwawa mwaulemu. Kuwadumpha n'kudzitsekera nokha njira.
- Nenani chimene inu mupereke, kaya mchenga, miyala kapena mphamvu zanu.
- Lembani kalata ziwiri zofanana, ina musunge. Funsani tsiku lodzamva yankho.
- Ntchito ikayamba, funsani mtengo wake ndi kumene ndalama zachokera. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Kufunsa si mwano.

Si pempho lililonse limene limatheka chaka chomwecho, pakuti ndalama za khonsolo n'zochepa ndipo midzi ndi yambiri. Komabe pempho lolembedwa mu pulani lili ndi mwayi kuposa dandaulo la pa bawo.

Mafunso okambirana

1. Kodi wapampando wa VDC yathu ndani, ndipo komitiyi imakumana liti?
2. Muli achinyamata angati m'komitiyi? Nanga atsikana?
3. N'chiyani chimalepheretsa atsikana kuyankhula pabwalo, ndipo anyamata angathandizepo bwanji?
4. Kodi misonkhano imachitika nthawi imene ogwira ntchito m'minda ya fodya angathe kufikapo?

Ntchito ya mwezi uno

Jambulani mapu a mudzi wanu, muonetsepo sukulu, mijigo, chipatala ndi malo ovuta kudutsa. Gwirizanani vuto limodzi. Sankhani anthu awiri, mtsikana ndi mnyamata, akalitule ku msonkhano wa VDC ukubwerawu, ndipo adzafotokozere kalabu zimene akayankhidwe. Pamene komiti izidzasankhidwanso, kalabu yanu idzakhale itakonzeratu munthu woti adzaime nawo.