Mafumu angapo, ufumu umodzi: Roma ndi Maravi

Ophunzira ambiri akamva kuti Roma inalamulidwapo ndi mafumu anayi nthawi imodzi amaganiza kuti dzikolo linagawanika. Sizinali choncho. Mu 286 Diocletian anakweza Maximian kukhala mfumu mnzake, ndipo mu 293 anawonjezera achiwiri awo, Galerius ndi Constantius. Malamulo ankatuluka m'maina a onse anayi. Vuto linali mtunda: adani ankaukira ku mitsinje ya Rhine ndi Danube komanso kumalire a Perisiya, ndipo munthu mmodzi sakanatha kupezeka konseko.

Kwathu kuno ufumu wa Maravi unakumana ndi vuto lomwelo. Kalonga, wa mfunda wa Phiri, ankakhala ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, ndipo madera akutali anali m'manja mwa abale ake: Kaphwiti ndi Lundu kuchigwa cha Shire, Undi ku Mano, komwe lero ndi chigawo cha Tete ku Mozambique. Iwowa sanali ofanana naye ngati Maximian. Anali pansi pake.

Chimene Aroma analibe, ndipo ine ndimachiona kuti n'chofunika kwambiri, ndi mbali ya amayi. Za mvula zinali m'manja mwa Makewana ku Msinja, m'boma lathu lino la Lilongwe, cha ku Dzalanyama. Wolowa ufumu ankachokera kumimba ya Nyangu, mayi kapena mlongo wa Kalonga.

Konse kuwiri zinthu zinavuta pa kulowa ufumu. Diocletian ndi Maximian atatula pansi udindo mu 305, ana a mafumu anadumphidwa. Mu 306 asilikali a ku York analonga Constantine, mwana wa Constantius, ndipo nkhondo zinkabuka mpaka 324 pamene iye anatsala yekha. Ku Maravi, mbiri ya pakamwa imati Undi anachoka ku Mankhamba atalephera kulowa ukalonga, ndipo anapita ndi Nyangu. Taganizirani: anasiya mpando, n'kutenga kumene olowa pampandowo amabadwira. Lundu naye anadzakula mphamvu, mpaka Muzura, yemwe olemba mbiri ambiri amati anali Kalonga, anamugonjetsa mu 1622 mothandizidwa ndi Apwitikizi.

Lero maina awiri aja ali pa munthu mmodzi, Kalonga Gawa Undi, amene amakhala ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia. Mafumu a Achewa a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia amapita kumeneko mu Ogasiti pa mwambo wa Kulamba.